Mwana Wathu Akalowa Usilikali

Tsiku limene anyamata ndi atsikana omaliza maphunziro oyamba a usilikali amaguba pamaso pa akuluakulu a dziko ku Salima limakhala la chisangalalo chachikulu. Makolo amalawirira kuchokera ku Chitipa, ku Nsanje, ku Mchinji ndi m'maboma ena onse, ena atagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya basi. Oimba malipenga akangoyamba, mizere ya asilikali atsopano imalowa m'bwalo, mapazi mazanamazana akugunda pansi ngati phazi la munthu mmodzi. Pamenepo mumaona mayi atanyamphira, dzanja lili pamphumi, akufunafuna mwana amene adabereka yekha koma osam'zindikira, pakuti onse ameta chimodzimodzi, avala chimodzimodzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene akucheuka.

Ambiri a ife, mabwana a m'maofesi a boma, aphunzitsi, ndiponso ife alembi a nyuzipepala, tidaonererapo perete wotere kapena kumvera pa wailesi. Timaomba m'manja n'kubwerera kwathu tikuyamikira kuti ana aja aguba bwino. Koma ndi owerengeka amene adadzifunsapo kuti kodi m'miyezi ija, pafupifupi isanu ndi umodzi, kuchokera tsiku limene mwanayo adalowa pachipata atanyamula kachikwama kake, adam'chita chiyani kuti asanduke chonchi. Funsoli si lachibwana ayi. Mnyamata amene dzana lomweli ankakhala pa benchi la kumbuyo m'kalasi mwathu, lero dziko lam'patsa mfuti ndi zipolopolo. Tiyenera kudziwa chimene adam'phunzitsa asanam'patse chidacho, ndiponso chimene ife tidam'phunzitsa iye asanafike kumeneko.

Ulendowu suyambira ku Salima. Umayambira pa chilengezo cha gulu la asilikali a dziko lino, Malawi Defence Force, chakuti likufuna kulemba anthu atsopano. Wofunsira ntchitoyi ayenera kukhala Mmalawi wa zaka zosachepera 18, wokhala ndi satifiketi ya MSCE, wathupi labwino, ndiponso wopanda mbiri ya milandu. Masiku a agogo athu sizidali choncho: ankayang'ana msinkhu, chifuwa ndi mphamvu, ndipo wosadziwa kulemba ankangodinda chala. Msilikali wa lero amawerenga mapu, amalankhula pa wailesi ya m'manja, amalemba lipoti, ndiponso amatumidwa kumaiko akunja kukagwira ntchito ndi anzake a zilankhulo zina. N'chifukwa chake cholembera chidayamba kutsogolera mfuti. Pa tsiku loyesedwa achinyamata amasonkhana miyandamiyanda, kuposa kutalitali malo amene alipo, pakuti ntchito n'zosowa. Amathamangitsidwa, amapimidwa ndi madokotala, mapepala awo amaunikidwa, ndipo ochuluka amabwerera kwawo chimanjamanja.

Apa m'pamene tifuna kunena mawu oyamba kwa inu mabwana ndi aphunzitsi. Nyengo yolemba asilikali ikafika pamabuka anthu achinyengo amene amayenda m'midzi akuuza makolo kuti ali ndi abale awo kumtunda, ndipo kuti munthu akapereka kangachepe dzina la mwana wake lituluka. Akuluakulu a asilikali akhala akuchenjeza kuti usilikali sagula, komabe makolo amagulitsa ng'ombe ndi munda n'kupereka kwa akuba. Palinso ena amene amafika mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu kudzapempha kalata yaumboni ya mwana amene aliyense pasukulupo akudziwa kuti ndi chidakwa ndiponso wandewu. Ena amafuna kuti zaka zakubadwa zichepetsedwe papepala, kapena kuti matenda a mtima abisidwe. Wosaina kalata yotere amayesa kuti wachita chifundo, poiwala kuti chifundo chidapha nkhwali. Mwana wodwala mtima akakagwa padzuwa atasenza katundu kumsana, wosaina uja sadzaima pamaliro kuti afotokoze zimene adachita.

Osankhidwa amapita kusukulu ya asilikali ya Malawi Armed Forces College, imene ambiri amangoti MAFCO, m'boma la Salima. Sukuluyi idatsegulidwa m'chaka cha 1978, ndipo pa nthawiyo inkatchedwa Kamuzu Military College. Isanamangidwe, mchombo wa usilikali m'dziko muno udali ku Zomba, ku Cobbe Barracks, kwawo kwa King's African Rifles, gulu limene lidakhazikitsidwa mu 1902 ndipo agogo athu ankalitcha Keyala. Amene adakhalako ku Salima m'mwezi wa Okutobala akudziwa mmene dzuwa la kunyanja limaswera mtengo. Kwa mwana wa ku Dedza kapena ku Mzimba, wozolowera chisanu, kutentha, ludzu ndi udzudzu ndiwo alangizi oyamba kum'landira, asanakumane n'komwe ndi sajeni.

Tsiku loyamba ndi lovula. Tsitsi, ngakhale adalisamala chotani, limagwa pansi. Zovala za kunyumba zimapindidwa n'kusungidwa. M'malo mwake alandira yunifolomu, jombo ndi nambala, ndipo nambala imeneyi adzayenda nayo mpaka tsiku lopuma pantchito. Mwana wa nduna ndi mwana wa msodzi agona m'chipinda chimodzi, nadya nsima ya mumphika umodzi. Anthu a kwathu kuno sangadabwe nazo kwambiri zimenezi, pakuti umo ndi mmene makolo ankakhwimitsira ana. Mnyamata wopita kudambwe kapena kundagala amachotsedwa m'manja mwa amayi ake, amametedwa, amagona kutchire, amalangizidwa ndi akulu osamuseketsa, ndipo potuluka amavala zatsopano n'kulandira dzina lina. Kusiyana kwake n'kumodzi, koma n'kwakukulu. Chinamwali cha m'mudzi chimabweza mwana kwa eni ake, kumtundu wake ndi kwa mfumu yake. Chinamwali ichi chimam'tenga kwa eni ake n'kum'pereka kwa dziko lonse, kwa anthu amene sadawaonepo ndiponso amene chilankhulo chawo sachimva.

Tsiku la wophunzira usilikali limayamba m'bandakucha, nthanda isanazimirire. Amathamanga mtunda wautali ali pamzere, akuimba kuti mpweya ndi mapazi ziyendere limodzi. Pobwerako amasamba mwaliwiro, kuyala bedi, kusesa, n'kuima chilili kudikira kuti asajeni adzayendere. Apa palibe kanthu kakang'ono. Bulangete lopindidwa mokhota, batani losamanga, ndevu zotsalira pachibwano, jombo yosawala: chilichonse chili ndi chilango chake. Munthu wakunja angaone ngati n'kuzunzana chabe pa zinthu zopanda pake. Koma mnyamata wina amene tidam'phunzitsa Sitandade 8, m'masiku amene tidali m'kalasi tisanalowe ntchito ino, ndipo lero ndi kopolo, adatiuza kuti tanthauzo lake adalimvetsa patapita zaka. Iye adati munthu amene wazolowera kuyang'ana batani lililonse m'mawa uliwonse, ndi yemweyo amene sadzaiwala kuyang'ana ngati mfuti ili ndi chipolopolo m'kati asanaipereke kwa mnzake. Adatiuzanso kuti mdani wake wamkulu m'masabata oyamba sadali asajeni, koma jombo zatsopano. Matuza adaphulika m'mapazi onse awiri, ndipo adaphunzira, monga amaphunzirira msilikali aliyense, kuti kutsuka mapazi, kuwaumitsa ndi kusintha masokosi ndi ntchito yofanana kulemera ndi kutsuka mfuti.

Kenaka pamabwera perete, ndipo ndiye amadya maola ambiri. Kuima njo, kutembenukira kumanja ndi kumanzere, kuguba, kuima mwadzidzidzi, kupereka sawasha; lero, mawa, mkuja, zomwezomwezo, mpaka thupi lizichita mutu usanaganize. Kuguba pamzere kudachokera ku nkhondo za ku Ulaya za masiku a mfuti zagogodera, zimene zinkaomba kamodzi n'kudikira kuthiridwanso onga. Pa nthawiyo asilikali ankaima mothithikana kuti aombere pamodzi. Lero palibe amene amamenya nkhondo ataima pamzere. Atatero angathe onse ndi mfuti imodzi ya chiwaya. Nanga n'chifukwa chiyani magulu a nkhondo a pa dziko lonse sadasiye perete? Yankho n'lakuti perete saphunzitsa kumenya nkhondo, koma kumva. Amazoloweza khutu kuti lizitola mawu a mtsogoleri pakati pa phokoso, ndi thupi kuti lizichitapo kanthu mantha asanayambe kutsutsa. Amaphunzitsanso munthu kuzindikira mnzake wa kumanja ndi wa kumanzere osam'yang'ana. Munthu mmodzi akaphonya phazi, mzere wonse umaoneka wopunduka.

Tinenepo pang'ono kuti perete ameneyu si mlendo m'midzi mwathu. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mganda wa ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndiponso beni wa ku Mangochi, ndi magule amene adatengera kuguba kwa asilikali a nthawi ya atsamunda: mizere yowongoka, makabudula ositidwa bwino, maudindo onga a usilikali, ndi zipanda za mphonda zolira ngati malipenga. Agogo athu adaona chinthu chimene chidawazunza, nachisandutsa gule. Choncho mwana wa ku Chintheche akamva ng'oma ya perete koyamba, mapazi ake amakhala ngati akuikumbukira.

Chinthu chimene chimawawa kwambiri ongofika kumene ndi chakuti mmodzi akalakwa, onse amalangidwa. Wina akachedwa kudzuka, gulu lonse lithamanga kuzungulira bwalo. Masiku oyamba zimenezi zimabala chidani ndi kutukwanizana. Koma pakapita masabata angapo anyamata amatulukira okha kuti kukalipira waulesi sikuchepetsa chilango. Chimene chimachepetsa n'kum'dzutsa msanga, kum'thandiza kuyala bedi ndi kum'nyamulirako katundu pachitunda. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mwambiwu sauphunzira ndi makutu koma ndi miyendo. Mtumbuka, Mlhomwe, Myao, Msena, Mtonga, Mngoni, Mnkhonde ndi Mchewa, amene mwina kwawo adamva zoipa za wina ndi mnzake, amafika pomwerana madzi a m'botolo limodzi. Zimenezi n'zakale. M'mabataliyoni a Keyala a ku Nyasaland chilankhulo cha ntchito chidali Chinyanja, ndipo ngakhale maofesala achizungu ankayenera kuchiphunzira. Ife tikuganiza kuti m'dziko muno, mmene ndale zimakonda kugawa anthu m'zigawo, muli malo ochepa amene amasakaniza ana a Malawi mofanana ndi chipinda chogona ophunzira usilikali.

Mfuti siifikira m'manja ndi zipolopolo tsiku loyamba. Wophunzira amayamba wadziwa nambala yake, kulemera kwake ndi dzina la kachitsulo kalikonse. Amaimasula n'kuimanganso kambirimbiri, mpaka azitha kutero mumdima. Amaitsuka ngakhale sadaombere. Asanaloledwe kuomba amaloweza malamulo amene sasintha: mfuti iliyonse uziyese kuti ili ndi chipolopolo, usaloze nayo munthu ngakhale mwanthabwala, chala chisakhale pa kachitsulo koombera usanatsimikize chimene ukufuna kulasa, polandira ndi popereka, yamba waitsegula n'kuona m'kati. Kutaya mfuti ndi mlandu waukulu zedi. Tsiku lopita kukaomba chandamale likafika, ambiri amadabwa kuti mphamvu za m'manja sizithandiza. Wolasa bwino ndi amene amagona mokhazikika, kutsamiritsa mfuti paphewa, kuugwira mpweya pang'ono, n'kufinya kachitsulo kaja mofatsa osati mokoka. Waphuma amaphonya. Zipolopolo zimaperekedwa mowerenga, ndipo pomaliza aliyense amayenderedwa kuti asatuluke ndi chotsala. Agogo a Keyala adapita ku Abyssinia ndi ku Burma ndi mfuti ya .303, imene inkafuna kukokedwa ndi dzanja ukaomba kamodzi. Mfuti za lero zimalavula zipolopolo zambiri pa kamphindi, ndipo n'chifukwa chake kudziletsa kwa woigwira kukufunika kuposa kale.

Chakumapeto ophunzira amatuluka m'misasa kupita kutchire kwa masiku angapo. Kumeneko amakumba maenje obisalamo, amadzipaka matope ndi makala kumaso, amakwawa ndi mimba paminga, amayenda usiku motsogozedwa ndi mapu ndi kampasi, ndipo amalonda mosinthana anzawo akugona. Tulo n'tochepa, chakudya n'choyeza. Kuno maudindo a m'kalasi amatembenuka. Mnyamata wa m'tauni, amene ankawala pa Chingerezi, amapezeka akufunsa mbusa wa ng'ombe wa ku Mchinji mmene angadziwire kum'mawa kukakhala mitambo, ndipo mbusa uja naye amafunsa mnzakeyo mmene mizere ya pamapu imasonyezera phiri. Amaphunzira kuyenda awiriawiri: mmodzi akamathamanga, mnzake amagona pansi akuomba kuti mdani asadzutse mutu, kenaka n'kusinthana. Amaphunzira kumanga bala kuti magazi asiye kutuluka, ndi kunyamula wovulala paphewa. Tikupempheni musunge m'mutu maphunziro awiri omalizawa, pakuti tibwererako.

Sitingakhale oona mtima tikapanda kunena kuti pakati pa kukhwimitsa ndi nkhanza pali malire, ndipo malirewo ndi opyapyala. Kuthamangitsa munthu mpaka atatopa ndi maphunziro. Kum'mana madzi padzuwa, kum'menya kapena kum'nyoza chifukwa cha mtundu wake si maphunziro, ndipo mlangizi wochita zotere akufesa mbewu imene idzamerere pamsana pa anthu wamba. Wophunzira amene adazunzidwa popanda chifukwa amadzabweza kwa wogulitsa makala kapena dalaivala wa minibasi. Tikumbukenso kuti kuyambira mu 1999 gulu lathu la nkhondo lidayamba kulemba akazi, ndipo atsikana amenewa amadutsa m'maphunziro omwewo. Udindo wa akuluakulu powateteza kwa alangizi osadzigwira ndi waukulu. Ndipo alipo amene amalephera panjira, ena chifukwa cha matenda, ena mwendo utathyoka, ena mtima utafooka. Akabwerera kumudzi, si bwino kuwaseka. Mwana amene adayesa n'kulephera sadachite manyazi, ndipo mphunzitsi wake wakale ndiye woyamba kum'thandiza kupeza njira ina.

Tsono tifike pa mtima wa nkhani. Zonse tafotokozazi, kumeta, perete, chilango cha onse, zimalunjika pa chinthu chimodzi: kumvera. Koma kumvera yani?

Ife amene tidali m'sukulu za pulayimale m'zaka za m'ma 1980 tidakula tikutchula ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawuwo paokha ndi abwino, ndipo palibe gulu la nkhondo lingaime popanda iwo. Koma mbiri ya dziko lino idationetsa kuti kumvera kungathe kutumikira chabwino ndi choipa chomwe. Pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda adaombera anthu opanda zida padoko la Nkhata Bay, ndipo anthu osachepera 20 adafa. Ndilo tsiku limene timakumbukira chaka ndi chaka. Asilikali amenewo sadali osaphunzitsidwa. Adamvera lamulo monga adawaphunzitsira. Dziko litalandira ufulu tidaonanso a Malawi Young Pioneers, gulu limene lidayamba mu 1963. Apayoniya nawo ankameta, ankavala yunifolomu, ankaguba mokongola ku Nasawa ndi m'misasa ina, ndipo pa zaulimi ndi ntchito za manja adaphunzitsa achinyamata zambiri zothandiza. Koma kumvera kwawo kudalunjika kwa chipani ndi kwa mtsogoleri mmodzi. Mapeto ake tidawaona ataima pazipata za misika ndi pokwerera basi, akubweza amayi apakati ndi nkhalamba chifukwa chosowa khadi la chipani.

M'mwezi wa Disembala 1993, Apayoniya ataombera ndi kupha asilikali mu Mzuzu, gulu la nkhondo lidawalanda zida m'ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani, ndipo ambiri a iwo adathawira ku Mozambique. Olemba mbiri amanena kuti moto umenewu udayambira kwa asilikali a maudindo a m'munsi, osati kwa akuluakulu, ndipo ife sitingabise kuti chimenecho pachokha chidali choopsa, pakuti gulu la nkhondo loyamba ntchito lisanalamulidwe lingathe kuchita chilichonse. Koma taonani chimene chidatsatira. Asilikali aja, ali ndi mfuti m'manja ndipo boma lili lofooka, sadalowe ku nyumba ya boma. Adabwerera kumisasa yawo, ndipo pa 17 Meyi 1994 Amalawi adasankha okha boma lawo.

Chiyeso chidabweranso mu Epulo 2012, patadutsa zaka 18. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi pa 5 Epulo 2012, adalipo ena amene adafuna kuti asilikali atenge boma m'malo molola wachiwiri kwa pulezidenti kulowa pampando. Mkulu wa asilikali pa nthawiyo, General Henry Odillo, adakana, ndipo pa 7 Epulo Mayi Joyce Banda adalumbira monga malamulo amanenera. M'chaka cha 2019, anthu atadzaza m'misewu kutsutsa zotsatira za chisankho, asilikali adayenda m'mbali mwa anthu ochita zionetsero kuwateteza, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu amene adathetsa chisankhocho adafika kukhoti ku Lilongwe ataperekezedwa ndi asilikali. Chilandirire ufulu mu 1964, dziko lino silidalamulidwepo ndi asilikali, pamene maiko ambiri a mu Africa adalawa zowawa zimenezo kangapo. Ulemu umapita kwa akuluakulu, ndipo n'koyenera. Koma mkulu wa asilikali sangaime yekha. Mawu ake amalemera chifukwa cha anyamata zikwizikwi a kumbuyo kwake, amene aliyense wa iwo adaphunzira kuti mfuti imene wanyamula si ya iye, si ya chipani, ndiponso si ya mtundu wake.

Mutu 16 wa malamulo oyendetsera dziko lino umanena ntchito za gulu la nkhondo: kuteteza malire ndi ufulu wa dziko, kuteteza malamulo omwewo, kuthandiza boma pa nthawi ya ngozi, ndi kugwira ntchito kunja potsata mapangano a maiko. Wophunzira usilikali amakhalanso ndi maola a m'kalasi, mmene amamva za malamulo a usilikali ndi za mapangano a ku Geneva a 1949, amene amaletsa kupha mdani wogonja, kuzunza wogwidwa ndi kuombera anthu wamba. Koma aphunzitsi anzathu, tiyeni tinene chilungamo. Miyezi isanu ndi umodzi ya munthu wotopa, wogona maola ochepa, singakwane kum'phunzitsa kuyambira pachiyambi kusiyana kwa boma ndi chipani, kapena kusiyana kwa lamulo ndi zofuna za bwana. Asajeni ali naye miyezi yowerengeka. Inu mudali naye zaka 12, zisanu ndi zitatu ku pulayimale ndi zinayi ku sekondale. Kuwongola mtengo m'poyamba. Ngati m'zaka zonsezo mwana adangophunzira kuti wamkulu salakwa ndipo wofunsa chifukwa ndi wamwano, ndiye kuti ku Salima adzangowonjezerako liwiro la kumvera. Koma ngati adaona mphunzitsi wamkulu akutsata malamulo a sukulu ngakhale wolakwayo ali mwana wa mfumu, ndipo adaona bwana wa ofesi akukana kusaina chabodza ngakhale wopemphayo ali wachipani cholamula, mwana ameneyo wafika ndi maziko amene mlangizi angamangepo.

Perete wotsiriza akatha, msilikali watsopano amatumizidwa kumene dziko likum'funa: ku Cobbe ku Zomba, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Moyale ku Mzuzu, dzina limene lidachokera ku nkhondo ya mu Julayi 1940 pamalire a Kenya ndi Ethiopia, kapena kunyanja ku Monkey Bay. Anzake oyamba adalondera njanji ya ku Nacala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique ili m'kati. Ena adakasungitsa mtendere ku Rwanda ndi ku Côte d'Ivoire. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, adali asilikali amene adakumba m'matope kufunafuna anthu. Ndipo kuyambira mu 2013 ana athu ambiri adatumizidwa kum'mawa kwa dziko la Congo, pansi pa bungwe la United Nations, kumene ena sadabwereko amoyo.

Mmodzi wa iwo adali Private Chancy Chitete. Udindo wa Private ndiwo wotsikitsitsa, womwe munthu amatuluka nawo pa maphunziro amene takhala tikufotokozawa. M'mwezi wa Novembala 2018 asilikali a Malawi ndi a Tanzania adapita kukathira nkhondo zigawenga za ADF m'nkhalango za kufupi ndi mzinda wa Beni. Nkhondo idakula, ndipo gulu la Chitete lidagona pansi likuomba kuti anzawo apeze mpata wobwerera pamalo otetezeka, monga momwe amaphunzirira kutchire kuja. Ali m'kati motero, Chitete adaona msilikali wa ku Tanzania, Kopolo Ali Khamis Omary, atalasidwa ndipo akulephera kusuntha pamalo poonekera adani. Sadali wa mtundu wake, ngakhale wa dziko lake. Chitete adatuluka pobisala pake zipolopolo zikuvumba, nam'kokera mnzakeyo pamalo abwino, n'kuyamba kum'manga mabala. Ali pa ntchito imeneyo chipolopolo chidam'peza, ndipo adafera pomwepo. Amalawi asanu ndi mmodzi adafa pa nkhondo imeneyo.

Dzina la Cobbe, limene lili pachipata cha ku Zomba, ndi la ofesala wachizungu amene adalandira mendulo ya Victoria Cross pa zimene adachita mu 1902 ku Somaliland, mwa zina chifukwa chotuluka pakati pa zipolopolo kukanyamula wovulala. Ana a sukulu ambiri adalimvapo dzina limenelo. Tikufunsa kuti ndi angati m'makalasi mwathu amene adamvapo la Chitete. Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, adapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ndi ulemu waukulu koposa wa bungweli kwa osungitsa mtendere olimba mtima. Chiikireni menduloyo, kupatula banja la mwini dzina, Chitete ndiye adali woyamba kuilandira. Kopolo Omary adachira.